Kodi madzi a m'suweji angatiuzedi kuti chimfine chayamba kufala mu Blantyre?

Nachisale, Ndirande

Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa za umoyo. Mu June, chiperoni chitangoyamba, mdzukulu wanga wa miyezi 4 anadwala chifuwa moti nthiti zinkalowa m'kati akamapuma, ndipo tinagona naye m'chipatala masiku asanu ali pa mpweya. M'wodimo munali makanda ambiri a vuto lomwelo. Namwino wina anandiuza kuti masiku ano ofufuza amatha kudziwa kuti matenda otere ayamba kufala poyeza madzi a m'suweji. Zimenezi zandizunguza mutu. Chifuwa chimakhala m'mapapo, nanga chikapezeka bwanji m'madzi akuchimbudzi? Komanso kwathu kuno ambirife tili ndi zimbudzi zokumba, ndiye kodi ifeyo timawerengedwa nawo?

Bambo Jere, Chilomoni

Pepani ndi matendawo, mayi, ndipo tikuthokoza kuti mwanayo anatuluka. Namwinoyo sananame. Munthu akadwala chimfine amameza mamina ndi makhololo osadziwa n'komwe, ena amalavulira m'chimbudzi kapena posambira, ndipo mavairasi ena, monga kachilombo ka COVID-19, amatuluka ndithu m'chimbudzi cha wodwalayo, ngakhale iye asakumva kupweteka kulikonse. Zonsezo zimathera m'madzi oipa. Ofufuza amatunga madziwo m'botolo, kapena amamanga kansalu ka bandeji pa chingwe n'kukasiya m'madzi oyenda kwa masiku awiri kapena atatu kuti kakole tizilombo. Ku labotale amagwiritsa ntchito makina a PCR, omwe aja ankayezera anthu m'mphuno nthawi ya COVID-19, pofufuza tizidutswa ta chibadwa cha kachilomboko. Njira yomweyi imapezanso kachilombo ka fuluwenza ndi ka RSV, kamene kamasautsa kwambiri makanda. Sindinganene kuti n'kamene kanagwira mdzukulu wanu, koma kamadziwika ndi kupuma kobanika ngati kumene mwafotokozako.

Chimene anthu amasokoneza n'chakuti madziwo sawerenga odwala mmodzimmodzi ndipo satchula khomo la munthu. Amangosonyeza ngati kachilombo kakuchuluka kapena kakuchepa poyerekeza ndi sabata yatha. Ku Netherlands, mu March 2020, anapeza kachilombo ka COVID-19 m'suweji ya mzinda wa Amersfoort asanalengeze wodwala aliyense kumeneko.

Mayi Nangozo, Zingwangwa

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza, a Nachisale, chifukwa ndi pamene pagona nkhani kwa ife a mu Blantyre. Mapaipi a suweji amafika m'nyumba zochepa, makamaka m'tauni, m'mafakitale ndi m'mayadi, pomwe anthu ochuluka a ku Ndirande, Bangwe, Mbayani ndi Chirimba sanalumikizidwe. Tikanati tiziyeza pa malo oyeretsera zonyansa okha, monga a ku Soche kapena ku Manase, bwenzi tikumva za anthu ochepa, amenenso savutika kupeza dokotala.

N'chifukwa chake ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, amene ali pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, anatembenukira ku mitsinje. Anayamba ndi kufufuza tizilombo ta taifodi, ndipo kuyambira mu 2020 mpaka 2022 ankayezanso kachilombo ka COVID-19 m'madzi a m'mitsinje ya mu mzinda muno n'kukapezadi. Aliyense amene anaimapo pa mlatho wa Nasolo kapena wa Mudi akudziwa zimene madzi ake amanyamula: matewera a ana, madzi ochapira ndiponso zotuluka m'zimbudzi zosefukira. N'zomvetsa chisoni kuti mitsinje yathu inafika pamenepo, koma zikutanthauza kuti mumawerengedwa nawo, ngakhale kuti si mokwanira.

Bambo Jere, Chilomoni

Ndiwonjezepo chenjezo pa za mitsinjezo. Mvula yamphamvu ikagwa madzi amachuluka n'kusukulutsa tizilomboto, motero chiwerengero chingatsike pamene odwala sanachepe. Kumbali ina, nkhuku, abakha ndi nkhumba nazonso zimakhala ndi fuluwenza ya mtundu wa A, ndipo ndowe zake zimakokolokera mumtsinje womwewo. Choncho zotsatira za m'madzi ziyenera kuyerekezedwa ndi kaundula wa kuchipatala. Komanso tisamangoganiza kuti mavairasi onsewa amadikira kuzizira kwa June ndi July monga amachitira m'nyengo yachisanu ku Ulaya, popeza m'mayiko otentha nyengo yake imatha kusiyana, ndipo kuti tiidziwe bwino pamafunika kuyeza sabata ndi sabata kwa zaka zingapo osadukiza.

Nachisale, Ndirande

Zikomo kwambiri, Bambo Jere ndi Mayi Nangozo, tsopano ndamvetsa. Chimene ndikanakonda n'chakuti ofufuzawo akaona kuti kachilombo kakukwera, uthengawo uzifika kwa alangizi a zaumoyo ndi kusikelo ya ana, kapena uzilengezedwa pa wailesi monga amachitira ndi zanyengo. Ndikanadziwa mu May, sindikanalola kuti khandalo lizilandiranidwa m'manja kumaliro ndi kutchalitchi. Kodi alipo pano amene anamvapo mlangizi wa m'dera lake akuchenjeza anthu potengera zotsatira za madziwa?