Thandizo la nyengo yozizira ku Gyumri, ndilembe ndani ndisiye ndani?

Nachisale: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndabwera ndi vuto la ku ntchito mundigawireko nzeru. Amene simukudziwa panopa ndili ku Armenia, mzinda wa Gyumri m'chigawo cha Shirak. Tapatsidwa ndalama zoti tithandize mabanja amene anathawa ku Nagorno-Karabakh (dera lomwe munkakhala anthu a chi Armenia, limene Azerbaijan inalitenga) mu September 2023 kuti adutse nyengo yozizira, paja anthu oposa 100,000 anatuluka m'masiku ochepa chabe kudzera msewu wa Lachin kukafika ku tawuni ya Goris kuno ku Armenia, ndipo dziko lonseli lili ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni basi. Ndalama zachokera kwa anthu a mtundu womwewu okhala kunja ndipo mgwirizano ukunena poyera kuti ndi za othawa okha. Nde vuto nali, kuno ku Gyumri kuli mabanja amene mpaka lero akukhalabe mu ma domik, tinyumba ta malata ngati kontena timene anapatsidwa mongoyembekezera chitachitika chivomerezi cha 7 December 1988 chomwe chinapha anthu pafupifupi 25,000. Dzulo tinalowa mu domik ina, agogo aakazi ali ndi zidzukulu, mbaula ya chitsulo pakati pa chipinda, mkati mwake akusonkha makatoni ndi nsapato yakutha, pawindo amatapo pulasitiki. Mpanda umodzi wokha ndi banja la ku Karabakh lomwe lili pa mndandanda wathu. Anzanga a konkuno akukana kupitanso ndi mafomu mumsewu umenewo akuti sangathe kuwayang'ana agogowo kumaso. Nditani?

Jere wa Dowa: Achemwali zimenezi ndi zomwe timalimbana nazo ku Dzaleka chaka ndi chaka. Mukathandiza mlendo yekha mwini mudzi akuonerera, amene amadzavutika ndi mlendoyo, inu mudzakwera ndege kubwerera iye adzatsala ndi aneba omusungira mkwiyo. Ku Uganda anachita kuika lamulo la 70 kwa 30, kuti magawo 30 pa 100 a thandizo azipita kwa eni malo. Yambirani pamenepo.

Mai Gondwe (za chuma): Ndikugwirizana ndi a Jere koma chonde Nachisale usasunthe olo tambala imodzi usanalandire kalata. Ndalama yolembedwa kuti ndi ya chakuti ikapita kwina ma auditor amati muibweze, ndipo sasamala kuti munathandiza agogo. Lembera donor lero lomwe upemphe kusintha bajeti, tsamba limodzi lokha, usachulutse nkhani. Uikemo chiwerengero cha ma domik omwe ali m'misewu imene mukugwiramo ntchito, osati zithunzi za nkhope za anthu. Ndipo poti eni ndalamawo ndi ochokera komweko nkhani ya 1988 akuidziwa bwino kuposa iwe, ambiri mwa iwo makolo awo anasonkha ndalama nthawi imeneyo.

Che Yusufu: Bwanji osangoitanitsa msonkhano anthu asankhane okha ngati mmene timachitira pa Mtukula Pakhomo? Mfumu ikhalepo, komiti ikhalepo, maina awerengedwe pagulu, wodandaula adandaule pomwepo. Ife nthawi ya Freddy ku Mulanje zinatithandiza kwambiri kuchepetsa mapokoso.

Nachisale: Che Yusufu njira imeneyo kuno siingayende. Kulibe nyakwawa, uwu ndi mzinda wachiwiri kukula m'dziko muno ndipo othawawo amwazikana m'nyumba za lendi, ena kwa abale awo, sadziwana nkomwe ndi aneba. Chinanso anthu ake ambiri anali aphunzitsi, ma nesi, alimi okhala ndi minda ya zipatso ndi ng'ombe zawo, anakhala miyezi 9 msewu wa Lachin uja utatsekedwa kuyambira December 2022 akupirira njala, nde kumuuza munthu wotere kuti aime pagulu dzina lake liwerengedwe kuti ndi wosauka, bola agone ndi chisanu. Bambo wina anatilandira ndi khofi ndi maswiti pa tebulo, ati ife tilibe vuto kathandizeni ena, koma m'nyumbamo mpweya ukamatuluka mkamwa umachita kuoneka, ana atavala majekete ali pabedi masana.

Mlangizi Tembo: Ndiye siyani kufunsa funso loti "kodi ndinu osauka", funsani za nyumba. Mumatenthetsa ndi chani, nkhuni, gasi kapena magetsi? Ndi zipinda zingati zimene mumatenthetsa? Muli ana osakwana zaka 5 angati, okalamba angati, alipo wolumala kapena wodwala nthawi yaitali? Alipo amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi? Mafunso amenewa munthu amayankha mosachita manyazi chifukwa akukamba za mbaula osati za ulemu wake. Yankho lililonse mulipatse mapointi, fomu ikhale imodzi kwa onse, wothawa ndi wa mu domik yemwe. Mukatero mndandanda udzadzisanja wokha ndipo mukamakambirana ndi donor mudzakhala ndi chomuonetsa. Komanso boma kumeneko lili ndi ma social worker ake, musayambe kaundula wanuwanu ngati dziko lilibe eni ake, pitani mukakhale nawo pansi muyerekeze maina.

Nachisale: Eya alipo, maofesi ake ali m'chigawo chilichonse ndipo othawa onse analembedwa kale chifukwa boma linapereka 100,000 dram (ndalama ya kuno) kwa munthu aliyense atangofika kenako 50,000 dram pamwezi ya lendi ndi mabilu. Chomwe chikundiwawa nchakuti wa mu domik ndalama imeneyo sanaione, amadalira penshoni kapena kathandizo ka mabanja osauka. Funso lina poti mwabwera nonse, tipereke nkhuni kapena ndalama? Abwana anga akufuna nkhuni ati zimaoneka pa lipoti.

Jere wa Dowa: Kumazizira bwanji kodi kumeneko?

Nachisale: Kutalika kwa malo ake kuli ngati Dedza koma chisanu chake nchina, January imafika -20 ndipo sinowo amakhala pansi miyezi. Kumidzi ya Shirak mitengo ndi yochepa, ambiri amasonkha ndowe zouma zimene amaziumba nthawi yotentha nkuziunjika kuseri kwa khola.

Mai Gondwe (za chuma): Nkhuni zili ndi mavuto ake amene abwana ako sakuwaona. Uyenera kupanga tenda, kupeza wogulitsa wa mapepala oti sanadule mozemba, thiraki, posungira, ndiye wina akubweretsera zaziwisi zolemera ndi madzi zimene zimangofuka utsi m'kachipinda kotseka muli ana. Pofika pomaliza zonsezi December watha. Ndipo banja lokhala mu fulati ya gasi nkhuni lizitani nazo? Lidzagulitsa motchipa kuti lilipire bilu. Ndalama ipite ku akaunti ya banki, magawo awiri, loyamba chisanu chisanafike pamene mitengo ya nkhuni isanakwere, lachiwiri mu January.

Che Yusufu: Nanga akakalipira lendi ndalamayo mmalo mogula nkhuni?

Mlangizi Tembo: Akalipira lendi ndiye kuti sanatulutsidwe m'nyumba mu January, ine pamenepo sindikuonapo cholakwika. Chomwe ndingawonjezere, okalamba okhala okha omwe sangathe kupita kukagula kapena kuwaza, amenewo apatseni nkhuni zenizeni zowazawaza kale, ndi ochepa mutha kuwakwanitsa. Ndipo ma domik aja kutentha kumathawira m'mawindo ndi kudenga, kandalama kochepa kokonzera chitseko ndi paipi ya utsi kamapulumutsa nkhuni zambiri.

Nachisale: Ndabweranso. Kalata ija ndinatumiza mmene munanenera Mai Gondwe ndipo ayankha, alola kuti kotala ya ndalama ipite kwa mabanja a konkuno bola akhale a m'misewu yomweyo ndipo pa lipoti tiwalembe padera. Sinafike 30 ya a Jere koma anzanga avomera kubwerera ndi mafomu. Abwana agonja pa nkhani ya banki, nkhuni zatsalira okalamba okha. Fomu ya a Tembo taitanthauzira kale m'chi Armenia, ma social worker achotsapo funso la malipiro ati anthu sadzanena zoona poopa kuchotsedwa pa thandizo la boma, mmalo mwake taika loti ndi angati m'nyumbamo amene anagwirako ntchito mwezi wathawu.

Mai Gondwe (za chuma): Kalata ya chilolezoyo uisindikize uike mu fayilo ya pulojekiti, imelo yokha imasowa. Ndipo musanatumize gawo loyamba onetsetsani kuti dzina la pa akaunti likufanana ndi la pa chiphaso, othawa ena asintha mapepala posachedwa nde banki ikhoza kubweza ndalama. Unditumizire fomuyo ku inbox ndione mapointi mwawagawa bwanji.