Kodi munthu angachite yoga pamodzi ndi galu wake?

Nabanda:
Moni nonse. Ndimakhala ku Leeds, mzinda wa ku England, ndipo ndili ndi galu wamkazi wamtundu wa Labrador amene amagona m'nyumba. Ndikaweruka kuntchito ndimachita yoga, masewero owongola thupi ndi kupuma mozama, kuti thupi limasuke, koma ndikangoyala mkeka pansi, iye amabwera n'kudzigoneka pakatikati pake, mwinanso kundinyambita kumaso ndikawerama. Mnzanga wina akuti ndisamamutsekere kunja kwa chipinda, koma ndizichita naye limodzi, popeza kuno kuli aphunzitsi a zimenezi, zomwe amazitcha doga. Kodi galu amapindulapo kanthu, kapena ndi njira yongodyera anthu ndalama? Nanga ndingayambe bwanji osamupweteka?

A Phiri:
Zikomo Nabanda. Mchitidwewu unayambira ku New York chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo amene amatchulidwa kuti anauyambitsa ndi mphunzitsi wa yoga, Suzi Teitelman. Kwanu kuko unatchuka makamaka ku London kudzera mwa Mahny Djahanguiri. Koma musanalipire kalasi iliyonse mudziwe kuti galu sachita yoga. Wochita ndinu, ndipo galu amangokhala pambali panu, akumva kuti mwadekha. Zithunzi za pa intaneti zoonetsa munthu atanyamula kagalu m'mwamba ataima ndi mwendo umodzi n'zokopera makasitomala, ndipo ndi Labrador wolemera makilogalamu pafupifupi 30 mungathyoke nazo msana.

Poyamba mutuluke naye kaye akathamange ndi kudzithandiza, chifukwa galu amene wabindikira tsiku lonse sangakhazikike. Mukabwerera, muyalireni kabulangete kake pafupi ndi mkeka wanu, mukhale pansi mutapinda miyendo, muike dzanja pachifuwa pake, n'kumapuma mozama ndi pang'onopang'ono. Musisiteni kuyambira pakhosi mpaka kumapewa ndi m'munsi mwa makutu, osapanikiza fupa la msana. Kenako pitirizani yoga yanu monga mwa masiku onse, makamaka zochitira pansi, ndipo akadzuka n'kuchoka mumusiye apite. Mphindi zochepa n'zokwanira masiku oyamba.

Nangozo:
Ndikuvomerezana ndi a Phiri, koma ndionjezerepo za chilankhulo cha galu, chifukwa ambiri timalakwitsa pamenepa. Galu akamayasamula kawirikawiri pamene alibe tulo, akamanyambita milomo, kupotolera mutu kumbali, kuonetsa choyera cha m'maso, kugwetsera makutu kumbuyo kapena kupanira mchira, ndiye kuti wasowa mtendere, ngakhale inu mukuona ngati wafatsa. Agalu ambiri sakonda kukumbatiridwa kapena kuweramiridwa pamutu, ndipo amene waumirizidwa angathe kuluma mwiniwake, ngakhale akhale wofatsa bwanji.

Musamukoke miyendo pofuna kumuwongola. Galu amadziwongola yekha akadzuka, chifuwa pansi mbuyo m'mwamba, ndipo amadziwa pomwe ayenera kulekezera, pamene dzanja lanu silidziwa. A Labrador amakonda kuvutika ndi matenda a mafupa a m'chiuno ndi m'zigongono, ndipo ana agalu mafupa awo amakhala asanakhwime, choncho ngati wanuyo ndi wamng'ono, wokalamba kapena amatsimphina, mufunse kaye dokotala wa ziweto. Za kutentha nazo musazipepule. Galu amadziziziritsa popuma mwawefuwefu, thukuta amatuluka pang'ono chabe m'mapazi, motero yoga ya m'chipinda chotenthetsedwa si yolowa naye n'komwe, ndipo kwa agalu a mphuno zophwatalala monga pug ndi bulldog ngozi yake ndi yaikulu kwambiri.

A Mbewe:
Ine ndikhale wokayikira pang'ono. Otsatsa makalasi amakonda kunena kuti sayansi ikuwaikira umboni, koma kafukufuku amene amamutchulatchula, wa akatswiri a pa Azabu University ku Japan amene anatuluka mu 2015, sanali wa yoga ayi. Iwo anapeza kuti galu ndi mwiniwake akamayang'anana kwa nthawi, timadzi ta oxytocin, tomwe timakhudzana ndi kukondana, timachuluka mwa onse awiri. Zimenezo zingachitike muli pampando kapena pakhonde. Chomwe chimagwira ntchito ndi nthawi imene mwampatsa galuyo, foni ili kutali, osati dzina la masewerowo.

Kalasi ya gulu nayo ili ndi zake. Agalu osadziwana akaunjikana m'chipinda chimodzi pamakhala kununkhizana, kuuwa ndi kukodzera mikeka, ndipo galu wamantha amabwerako atatopa koposa mmene anapitira. Ngati mungapiteko, katemera wake akhale wokwanira, ndipo akhale atalandira mankhwala a utitiri, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba. Amene akuwerenga ali kuno kumudzi asayese zimenezi ndi galu wolondera amene amakhala pa tcheni ndipo sanazolowere kugwidwa, ndiponso katemera wa chiwewe akhale woyamba nkhope isanayandikire pakamwa pa galu.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse, kalasi ndiyamba ndaileka. Ndatsala ndi funso limodzi. Ndimayatsa lubani ndi kununkhiritsa chipinda ndi mafuta ochokera ku mtengo wotchedwa tea tree pochita yoga. Kodi ndipitirize iye ali momwemo?

Nangozo:
Ayi Nabanda, mafutawo muwachotse. Tea tree ndi poizoni kwa agalu akawanyambita kapena akalowa pakhungu, ndipo ngati mumapukutira mkeka mafuta omwewo, kumbukirani kuti galu wanu amagonapo kenako n'kudzinyambita. Utsi wa lubani nawo umamuvutitsa, pakuti mphuno yake imamva fungo kuposa yathu kutalitali. Tsegulani zenera, muike mbale ya madzi pafupi, ndipo chitseko chikhale chotsegula kuti akafuna kutuluka atuluke.