Waya wopyapyala womata pakhoma m'malo mogoba: angagwire ntchito mpaka pati?

Kanyimbi:

Akuluakulu odziwa za magetsi, ndithandizeni nzeru. Nyumba ndi yomalizidwa kale, makoma ndi a njerwa, pulasitala ndi penti zonse zilipo. Pabalaza pakufunika zinthu zinayi: masoketi awiri ena pafupi ndi TV, mawaya a masipika awiri akumbuyo, magetsi a LED otalika mamita 5 m'mphepete mwa siling'i, ndi waya wa intaneti wochoka pa rauta kupita kuchipinda. Kugoba khoma sindikufuna chifukwa cha fumbi ndi zigamba zomwe zimatsala. Ndamva za waya wophwatalala ngati tepi, woti umangomata pakhoma n'kupaka penti pamwamba, osaonekanso. Kodi angagwire ntchito zinayi zonsezi? Ngati ayi, ndiyendetse bwanji popanda kuswa khoma?

Chiphaniphani:

A Kanyimbi, pa zinayizo waya womatayo ndi woyenera ziwiri zokha: masipika ndi ma LED. Za masoketi musayese n'komwe, ndipo za intaneti zili ndi nkhani yakeyake.

Waya ameneyu ndi timizere ta kopa tosalala, totsekeredwa m'kapulasitiki kopyapyala, kumbuyo kuli guluu. Poti kopa wake ndi wopyapyala, amamupanga wotambalala kuti magetsi adutse okwanira. Kukula kwake mumakupeza pochulukitsa m'lifupi ndi kuchindikala: kamzere ka mamilimita 10 m'lifupi, kochindikala 0.1, ndi 1 mm². Ambiri amalembedwa mu AWG, muyezo wa ku America wa kukula kwa waya. Dziwani kuti 18 AWG ndi pafupifupi 0.8 mm², 16 AWG ndi 1.3 mm², 14 AWG ndi 2.1 mm². Nambala ikamakwera waya akuchepa.

Pa ma LED m'pamene anthu amapunthwa. Tiyerekeze tepi yanu ya ma LED imadya mawati 14.4 pa mita. Mamita 5 ndi mawati 72, omwe pa mavoti 12 ndi ma amp 6. Kopa wa 1 mm² amakaniza magetsi ndi ma ohm pafupifupi 0.0175 pa mita iliyonse, ndipo mtunda mumawerenga kawiri, kupita ndi kubwera. Ngati adaputa, kabokosi kotsitsa magetsi a m'nyumba kufika pa mavoti 12, ili mamita 8 kuchokera pa tepi ndipo waya ndi wa 0.75 mm², ma ohm ndi 0.37, ndiye mavoti oposa 2 athera m'njira. Tepi ilandira osakwana 10, iwala mozilala, ndipo mudzaganiza kuti anakugulitsani yachabe. Tengani tepi ya mavoti 24: ma amp atsika kufika 3, ndipo ndi waya wa 1.5 mm² mutaya theka la voti basi. Masipika savuta chotere. Pa mtunda wa pabalaza 16 AWG akwana, ukapitirira mamita 15 tengani 14 AWG. Onetsetsani kuti ndi kopa weniweni. Wolembedwa CCA ndi aluminiyamu wokutidwa kopa, amakaniza magetsi kwambiri kuposa kopa ndipo amathyoka msanga popinda.

Kamatidwe kake: jambulani mzere ndi pensulo ndi levulo. Palani timabampu ndi sandipepa, pukutani fumbi, khoma liume. Ngati penti ikusiya ufa m'manja mukaisisita, kapena khoma ndi lopakidwa laimu, yambani mwapaka primer, penti yoyambira yogwiritsa khoma, apo ayi guluu agwira ufawo m'malo mwa khoma. Matulani pepala la kumbuyo pang'onopang'ono, masentimita 30 pa nthawi, mukusindikiza ndi rola kuti pasatsale mpweya. Pokhota musapinde kamodzi, chifukwa mbali ya guluu iyang'ana kunja. Pindani kaye mopingasa cholozera kumene simukupita, kenako mubweze cholozera kumene mukupita. Kumapeto onse awiri kumafunika timabokosi take tolumikizira, tomwe timapana kopa wosalalayo n'kukupatsani pomangira waya wamba. Kupotokola pamodzi n'kukulunga tepi yakuda sikugwira.

Musanaphimbe, yesani ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, kuti mzere uliwonse ukudutsa ndiponso kuti iwiriyo sikukhudzana, kenako yatsani zinthuzo zigwire ntchito kwa ola. Zikakhala bwino, ikani tepi ya ukonde pamwamba, pakani filler, phala losalazira khoma, mopyapyala kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse motambalala kuposa wapitawo mpaka masentimita 25 kapena 30, kuti kabampu kasowe. Popala ndi sandipepa dzanja likhale lopepuka. Mukangoona mtundu wa kopa, mwaboola kale chotchinga chake. Ndipo jambulani chithunzi cha khomalo, tepi yoyezera ili pomwepo, penti isanabise zonse.

Mphenzi:

Ndigwirizane ndi a Chiphaniphani pa masoketi, koma ndinene chifukwa chake, poti anthu akamva "ayi" wopanda chifukwa amakachita usiku. Waya wa mavoti 230 amaloledwa kukhala m'njira ziwiri: aoneke kuti aliyense amupewe, kapena abisike motetezedwa m'malo odziwika. Malamulo a ku Britain a BS 7671 amati waya wobisika m'khoma ayende molunjika m'mwamba, pansi kapena cham'mbali kuchokera pa soketi kapena swichi, kapena mkati mwa mamilimita 150 kuchokera pa siling'i kapena pa ngodya, ndipo ngati sanazame mamilimita 50 akhale ndi RCD ya 30 mA, chipangizo chodula magetsi akangoyamba kuthawira pansi, monga kudzera mwa munthu. Waya wobisika pansi pa penti alibe ubwino wa njira ziwirizi. Saoneka, satetezedwa, ndipo ndi wotambalala, ndiye msomali wa kalendala sumuphonya. Pa mavoti 12 msomaliwo ungozimitsa ma LED. Pa 230 wogwira hamala ndiye agwidwa.

Njira yanu ndi trunking ya PVC, kangalande kapulasitiki koyendetsamo mawaya pamwamba pa khoma, ija ya chivundikiro chotsekeka ndi chala. Waya wa masoketi ndi twin and earth wa 2.5 mm², wokhala ndi mawaya awiri odutsa magetsi (live ndi neutral) ndi wachitatu wachitetezo (earth), amenenso ndi wophwatalalako, pafupifupi mamilimita 10 m'lifupi. Mmodzi amalowa bwino mu trunking ya mamilimita 25 x 16. Akachuluka tengani yokulirapo, chifukwa mawaya sayenera kudzaza kuposa 45 peresenti ya malo a mkati. Si nkhani ya chivundikiro kutseka ayi, ndi ya kutentha. Waya yemweyu atakhomedwa poyera ndi makilipi amanyamula ma amp 27, koma mu trunking amatsika kufika 23, ndipo mukaunjika ma circuit angapo pamodzi amatsikanso.

Trunking yokhala ndi guluu kumbuyo musaikhulupirire. Guluuyo ndi wokugwirirani pamene mukuboola, nyengo yotentha amalekerera. Boolani ndi 6 mm, ikani mapulagi ndi masikuluu pa masentimita 30 mpaka 40 aliwonse, ndi imodzi pafupi ndi mapeto alionse. Mkati muikemo timakilipi tachitsulo apa ndi apo. Chiyambire 2018 BS 7671 imafuna zimenezi paliponse, chifukwa moto ukabuka pulasitiki imasungunuka, mawaya n'kulendewera pakhomo n'kukola anthu othawa ndi ozimitsa moto. Pa ngodya gwiritsani ntchito zokhotera zake, ndipo waya akhote mozungulira, osamuthyola ngati pepala. Soketi ikhale pa bokosi la pamwamba pa khoma lozama mamilimita 25 kapena kuposa. Waya wa earth, uja wosavala, muvekeni kapaipi kobiriwira ndi kachikasu paliponse pamene watuluka m'chikopa. Akasiyidwa wamaliseche amakhudza live mukamakankhira soketi m'bokosi.

Trunking ikayenda pamwamba penipeni pa skirting, kamzere ka m'munsi mwa khoma, kapena m'mbali mwa felemu ya chitseko, n'kupakidwa penti ya khoma, diso limaiwala msanga.

Kanyimbi:

Zikomo akuluakulu, zamveka. Ndiye masoketi awiriwo ndingowatenga pa soketi yomwe ilipo kale? Komanso wina wandiuza kuti ku America waya wophwatalala wa magetsi a m'nyumba ndi wololedwa. Ndi zoona?

Mphenzi:

Zitengera circuit yanu, akulu. Tsegulani bokosi la ma breaker muone. Ngati masoketi ali pa breaker ya 20 A ndipo pakutuluka waya mmodzi wa 2.5 mm², mukhoza kupitiriza kuchoka pa soketi ina kupita pa ina. Ngati ndi ring, pomwe waya amazungulira masoketi onse n'kubwerera pa breaker ya 32 A yokhala ndi mawaya awiri, nthambi yopanda fyuzi imaloledwa kudyetsa soketi imodzi yokha, ya kamwa imodzi kapena ziwiri, ndipo simutenga nthambi pa nthambi inzake. Chifukwa chake n'chakuti waya mmodzi wa 2.5 mm² sangapirire ma amp 32, ndiye akhoza kupsa breaker ili chete. Mukafuna masoketi awiri osiyana, yambani ndi kabokosi ka fyuzi ya 13 A, onse adyere kuseri kwake. Kunena zoona, pa TV ndi tizipangizo take soketi imodzi ya kamwa ziwiri nthawi zambiri imakwana.

Kukhoma trunking mukhoza nokha, koma kulumikiza ndi kuyesa kusiyireni mmisiri wa chiphaso. Iye azimitsa, atsimikize ndi tester yeniyeni kuti mulibe moto, osati ka screwdriver kowala kaja, kenako ayese kuti earth yafika, kuti live ndi neutral sizinasinthane, kuti chikopa cha waya chikupereka osachepera megaohm imodzi pa mavoti 500, ndiponso kuti RCD ikugwa.

Za ku America zili ndi mbali yoona. Malamulo awo a NEC ali ndi mtundu wotchedwa FCC, woyala pansi pa kapeti wa zidutswazidutswa, wokhala ndi chitsulo chotchinga pamwamba cholumikizidwa ku earth. Koma ndi wa m'maofesi, m'nyumba zogona anthu ndi woletsedwa. Wina womata pakhoma amaloledwa pokhapokha uli ndi zigawo za earth zokuta live mbali zonse ndi chipangizo chake chodula magetsi poyambira, ndipo anapangira magetsi awo a mavoti 120. Tepi ya mizere iwiri yogulitsidwa ngati ya masipika si imeneyo ngakhale pang'ono.

Gulugufe:

Za intaneti zatsala. Waya wa Cat5e kapena Cat6 mkati mwake muli mawaya 8 opotana awiriawiri, ndipo kupotanako ndi kumene kumaletsa phokoso la magetsi ena kusokoneza. Ophwatalala ambiri amapyapyala pochepetsa kopa: amakhala 30 kapena 32 AWG, pomwe wozungulira woyendetsa m'nyumba ndi 23 kapena 24 AWG wa kopa wolimba. Malire a mamita 100 aja anawerengera wozungulirayo. Wophwatalala pa mamita 10 kapena 15 agwira bwino, ndipo amadutsa pansi pa chitseko mosavuta. Mtunda ukatalika amayamba kuzengereza: liwiro limatsika lokha kuchoka pa 1000 kufika pa 100 Mbps, inu n'kumadzudzula rauta. Pa kamera kapena chipangizo chodyera magetsi pa waya womwewo, za PoE zija, musamugwiritse ntchito, amatentha.

Awiri mwa mavuto omwe amabwera kawirikawiri ndi awa. Loyamba ndi stapler: ikapana waya imaphwanya kupotana kuja, ndiye gwiritsani makilipi omugwira momasuka. Lachiwiri ndi kumulowetsa mu trunking imodzi ndi waya wa 230 poti malo alipo. Musatero. Gulani trunking ya zipinda ziwiri yokhala ndi chogawa pakati, kapena muyendetse ziwiri zosiyana, ndipo pomwe akuyenera kukumana adutsane mopingasa. Lamulo lomwelo likhudza mawaya a masipika ndi a LED.

Chiphaniphani:

Chimodzi chowonjezera pa waya womata uja. Yang'anani khomalo musanagule. Ngati m'munsi mwake penti imatupa kapena pamatuluka ufa woyera ngati mchere nyengo ya mvula, muli chinyontho. Guluu adzamatuka, filler adzang'ambika motsata mzere wa waya, ndipo polumikizira padzachita dzimbiri lobiriwira. Pa khoma lotero, ku bafa, panja, ndi pa pulasitala wokhakhala, ngakhale masipika ndi ma LED alowe mu trunking yaing'ono ya 16 x 16. Adaputa ya ma LED nayo ikhale pofikika ndi podutsa mpweya, pafupi ndi tepi mmene zingathekere, ndipo ikhale yoposa zomwe tepi imadya ndi 20 peresenti: pa mawati 72 aja tengani ya 90 kapena 100.