Mafuta kulowa mkati mwa yisiti, zimatheka bwanji?

Nangozo:
Moni nonse. Alipo amene anagwirapo zolowetsa mafuta m'maselo a yisiti? Ndikufuna kupanga mabisiketi okhala ndi mafuta a flaxseed chifukwa cha omega-3, koma mukudziwa mafuta amenewa sachedwa kuwonongeka, akangokumana ndi mpweya komanso moto wa mu uvuni basi ayamba kafungo ngati penti. Nde ndamva zoti yisiti yomweyi ya buledi ndi mandasi, Saccharomyces cerevisiae, amaisandutsa timatumba tosungiramo mafuta. Amalowamo bwanji poti selo lili ndi khoma? Ndipo zimapiriradi moto kapena ndi za m'mapepala chabe?

Wapalabu:
Zimatheka achemwali, si zatsopano ayi, ma patent oyamba anatuluka ku America cha m'ma 1970. Selo limodzi ndi kakang'ono zedi, ma micrometre 5 mpaka 10 (mu milimita imodzi muli ma micrometre 1,000), khoma lake ndi la beta-glucan, mannoprotein ndi ka chitin pang'ono, ndiye silisungunuka m'madzi ngati maltodextrin (ufa wochokera ku sitachi) kapena gum arabic (utomoni wa mtengo) zimene ambiri amakutira nazo mafuta pa spray drying, njira youmitsa zamadzimadzi pozipopera mu mpweya wotentha kuti zikhale ufa. Sikuti yisitiyo imadya mafutawo ayi, yakufa yomwe imagwira ntchito. Ambiri amayamba aiviika m'madzi a mchere wambiri kuti zamkati zituluke papezeke malo, amati plasmolysis, kenako kutsuka, kusakaniza ndi madzi ndi mafuta n'kumatakasa maola angapo pa madigiri cha m'ma 40, kuzunguza pa centrifuge kuti maselo apatuke ndi madzi, kuumitsa. Madzi ndi ofunika kwambiri apa chifukwa khoma likanyowa limafufuma n'kutsegula njira, likauma limatseka, nde ufa wouma uja umasunga zinthu ngati limonene, kamafuta konunkhira ka m'makoko a malalanje, mpaka kupitirira madigiri 200.

Mkanda_uli_mkhosi:
A Wapalabu mwanena zoona koma mwadumpha pamene pali nkhani. Limonene ndi kamolekyu kochepa, kulemera kwake 136. Mafuta a flaxseed, a soya, a mpendadzuwa, onsewa ndi ma triglyceride, mamolekyu akuluakulu a mafuta, kulemera kwawo kumafika cha pa 880, nde kuti chinthu chachikulu chonchi chidutse khoma komanso membrane, kachikopa ka selo kamene kali mkati mwa khomalo, si zamasewera. Mbiri yabwino yambiri ya njira imeneyi yachokera ku zonunkhiritsa, peppermint, mandimu, zoterezi. Pa mafuta ophikira zimalowa ndithu koma movutikira, ndipo chimene chimapusitsa anthu n'choti ambiri amangomata kunja kwa maselo, munthu n'kuyeza mafuta onse mu ufamo n'kumasangalala kuti alowa pomwe ali pabwalo, ndipo apabwalowo ndi amene amayamba kununkha.

Mayi Nangozo mukapanga, tengani ufa pang'ono muutsuke mwachangu ndi hexane, mankhwala a mu labu osungunula mafuta, zimene zachokazo ndi zakunja, zotsalazo ndiye zanu. Ngati pali microscope ya fluorescence thirani utoto wa Nile red, timadontho ta mafuta timawala mkati mwa selo mukuona ndi maso. China, mtanda wa bisiketi uli ndi madzi eti? Khoma lija linyowanso musanafike n'komwe ku uvuni. Uvuni ikhale pa madigiri 180 koma mkati mwa bisiketi simupyola kwenikweni 100 madzi asanathe, choncho mdani wanu weniweni si moto, ndi miyezi imene paketi ikhale pa shelefu.

Wapalabu:
Pa zamadzizo sindikugwirizana nanu kwathunthu bwana. Kamolekyu kakang'ono kamatuluka msanga khoma likanyowa, zoona, koma chimene chinavuta kulowa chimavutanso kutuluka kkkk. Triglyceride ikakhala mkati sithawa chifukwa cha mtanda wonyowa mphindi zochepa. Pa mafuta akunja pokha ndavomera.

Nangozo:
Zikomo nonse, za hexane sindinaziganizire. Nanga kakomedwe? Bisiketi isamveke ngati mowa. Komanso yisiti yogula m'mapaketi ikwera mtengo, yotsala kofululira mowa ingagwire?

Chekucheku:
Imagwira, ndipo ndi imene ofufuza ambiri amaikonda poti ndi zotsala zotchipa, Marmite yomwe ija, yopaka pa buledi, amapangira yomweyo kuchokera 1902 ku Burton upon Trent ku England. Vuto imabwera ndi kuwawa kwa hops, maluwa amene amathira mu mowa, pamafunika kuitsuka ndi madzi a alkali pang'ono isanagwire ntchito. Kafungo ka yisiti sikatheratu ngakhale mutsuke bwanji, mu makrakazi amchere kamabisala bwino, mu bisiketi ya shuga anthu amakamva.

Pali njira inanso yosiyana, m'malo mokakamiza mafuta kulowa, ena amaweta yisiti imene imadzipangira yokha mafuta mkati. A kampani ya DuPont anasintha majini a yisiti yotchedwa Yarrowia lipolytica kuti izipanga EPA, mtundu wina wa omega-3, n'kumadyetsa nsomba za salmon ku Chile. Koma izo ndi za mafakitale akuluakulu, si zapakhomo.

Inu pangani mabisiketi amitundu itatu, ina mafuta wamba, ina a maltodextrin, ina a yisiti, musunge pamalo ofunda muziyeza peroxide value, muyeso wosonyeza mmene mafuta awonongekera ndi mpweya, sabata iliyonse. Mafuta ogula muyambe mwawayeza musanawathire, a flaxseed ena amafika atawonongeka kale m'botolo.