Mwana ndamuyeza, lamba wafika pofiira, otiyang'anira sakuyankha foni. Nditani?

Wosatchula dzina: Abale ndithandizeni, mutu waima. Ndili ku pulakitiko ya maphunziro a kadyedwe, timayendera ana, amayi oyembekezera ndi okalamba m'makomo mwawo. Lero ndayeza mwana wina pamkono ndi lamba wa MUAC (woyezera kukula kwa mkono poona ngati mwana akunyentchera), wasonyeza 11.2 cm, pofiira penipeni. Mayi ake akuti sakudya bwino. Otiyang'anira foni sakuyankha, ndalama zoyendera sanatipatsebe, sikelo yomwe anatipatsa ndi yakufa. Mnzanga amene anandiphatikiza naye amangokhalira Facebook, mafomu onse ndikulemba ndekha, ndipo lipoti likufunika Lachisanu. Ndingomuphunzitsa mayiyu kaphikidwe ndidzabwerenso sabata ya mawa, kapena ndifunefune chiponde cha kuchipatala cha ana onyentchera ndimupatse?

Mlangizi Wakale: Izi ndi zimene ndimanena tsiku ndi tsiku! Masukulu akutulutsa ana odziwa mafomu okhaokha. Ife kale tinkakhala pansi ndi mayi, kuona mphika wake, kuona chimene chili m'munda mwake. Lero aliyense akungoti chiponde, chiponde. Chikatha adzadya chiyani mwanayo? Phunzitsani mayi kasinthasintha wa zakudya, nkhani yathera pompo.

Namwino wa Ana: Mchemwali, mwanayo ali ndi miyezi ingati? Malire a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, pa lamba ameneyu ndi a ana a miyezi 6 mpaka 59. Pansi pa 11.5 cm ndi pofiira, kunyentchera kwambiri, kuyambira 11.5 osafika 12.5 ndi pachikasu, kunyentchera kwapakatikati. Munayeza pakati penipeni pa phewa ndi chigongono, mkono uli wolendewera? Mudinenso pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zanu zazikulu kwa masekondi atatu. Pakatsala zibowo mbali zonse, ndi kutupa koopsa. Mulimonsemo, apite kuchipatala lero.

Mayi wa Mapasa: Mwandikumbutsa zowawa. Mmodzi mwa mapasa anga anatupa miyendo ndi masaya, achibale nkumati wayamba kunenepa. Tsitsi linasanduka lofiirira, khungu likusupuka. Pofika kuchipatala anatigoneka pompo. Mpaka lero ndikaona mwana wotupa masaya mtima umandithamanga.

Mnyamata wa Njinga: Mnzanu wa pa Facebook uja mwina ali m'gulu lomwe lino akuwerenga zonsezi kkkk. Moni achimwene, kalembeni mafomu.

Mlangizi Wakale: A Namwino, inu zonse ndi chipatala basi. Mwana akatuluka abwerera kunyumba komweko, mphika womwewo. Mwachiritsa chiyani pamenepo? Mazira, nyemba, masamba, zipatso, izi zikadaphunzitsidwa bwino m'masiku 1000 oyambirira, kuyambira pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwana zaka ziwiri, lambayo sakadafika pofiira.

Namwino wa Ana: Bambo, zimenezo ndi zopewera, ndipo palibe akukutsutsani. Koma uyu wadwala kale. Mwana wotere shuga amatsika, thupi limazizira, matenda amabisala osatentha thupi. Kuchipatala amayesa kaye ngati angathe kudya chiponde. Akalephera kapena akapezeka ndi vuto lina amamugoneka nkuyamba ndi mkaka wapadera wa kuchipatala wotchedwa F-75 pang'onopang'ono. Kumudyetsa kwambiri mwadzidzidzi kungathe kumupha. Wophunzira asagawe chiponde payekha.

Wophunzira Mnzanu: Za ndalama zoyenderazo ifenso chaka chatha tinamaliza pulakitiko osaziona. Lembani kalata nonse pamodzi, mukapita mmodzimmodzi sakumverani.

Mlangizi Wakale: Mwaona? Moyo wa mwana uli pachiswe, wina akukamba za ndalama. Ndiye mbadwo umenewu ukasamale okalamba ndi amayi apakati?

Wophunzira Mnzanu: Bambo, popanda thiransipoti mwanayo akafika bwanji kuchipatalako? Musatinyoze.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Mapazi sindinadine, ndibwererako. Otiyang'anira aja aona uthenga wanga koma ali chete, ndipo mnzanga uja akuti mutu ukumupweteka, wapita kukagona.

Namwino wa Ana: Miyezi ingati, mchemwali? Onani pa khadi la kusikelo. Ngati sanakwane miyezi 6, chiponde sichimuyenera ndi pang'ono pomwe, pamafunika kuona kayamwitsidwe. Musadikire otiyang'anira anuwo, uzani wazaumoyo wa m'deralo alembe kalata yotumizira.

Mayi wa Mapasa: Akakapatsidwa chipondecho mumuuze mayiyo kuti ndi mankhwala a mwana mmodzi yekhayo, asagawireko azibale ake ngakhale alire. Asachisakanize ndi phala, azimupatsa madzi aukhondo pambali, ndipo ngati akuyamwa ayambe wayamwa kaye.