Maswichi ndi maliva opanga wekha pachiwongolero cha njinga yamoto: munthu alekeze pati?

Wokonzazakale

Moni nonse akuluakulu. Ndikumanganso njinga yamoto yakale ya kabureta, ndipo ndikufuna kuti chiwongolero chake chioneke chopepuka, chopanda mabokosi akuluakulu apulasitiki ndi mawaya olendewera. Maganizo anga ndi akuti ndichotse maswichi onse amene anabwera ndi njingayi, ndiseme pa makina timabokosi ta aluminiyamu tokhala ndi timabatani ting'onoting'ono, ndiboole chiwongolero kuti mawaya adutse mkati, komanso ndipange ndekha liva ya buleki ndi ya kilachi zazifupi, zokwana zala ziwiri. Swichi yofiira yozimitsira injini ndikufuna kuichotseratu, popeza kiyi ali pafupi. Chiwongolerocho n'chachitsulo, cha mamilimita 22. Makina ndili nawo ndipo ndimawadziwa, koma ndikupempha nzeru: pa zonsezi, ndi ziti zimene munthu angapange yekha popanda kuika moyo pachiswe, nanga ndi ziti zoyenera kuzisiya monga zinachokera kufakitale?

Wamabuleki

Achimwene, musanaseme kanthu, chida chilichonse muchifunse kuti chikawonongeka inu muli pa liwiro, njinga idzatani. Batani la hutala likafa mumangoyenda opanda hutala, ndipo kebulo ya kilachi ikaduka mumavutika koma mumatha kuima. Akiseleta ikakanirira, kapena buleki ya kutsogolo ikagwira yokha, simukhala ndi mpata woganiza n'komwe. Pa chifukwa chimenechi, ine liva ya buleki sindingakulimbikitseni kuti muiseme.

Ambiri amaopa kuti liva yopangira pakhomo ingathyoke, koma choopsa kwambiri chili pa kachidendene ka liva kamene kamakankha pisitoni ya master cylinder, silinda ya pachiwongolero imene imapopa mafuta a buleki. Mkati mwa silindayo muli kabowo kakang'ono ngati kuboola kwa singano, kamene kamalola mafuta a buleki kubwerera m'kathanki kake, ndipo kamatseguka pokhapokha pisitoni ikabwerera mpaka kumapeto. Kachidendene kanu kakatalika pang'ono chabe, pisitoni imatsala itatseka kabowoko. Njinga ili chiimire simungaone vuto, chifukwa gudumu limazungulira bwinobwino ndipo liva imamveka yolimba mokondweretsa. Mukayamba kuyenda, mafuta amatentha n'kufufuma, ndipo posowa kothawira amakanikiza mapadi pa disiki. Kukhulanako kumawonjezera kutentha, kutenthako kumawonjezera kukanikiza, mpaka gudumu la kutsogolo limamanga lokha dzanja lanu lisanakhudze liva.

Kufupikitsa liva nakonso kumakulandani mphamvu, chifukwa zala zimakoka pafupi ndi bawuti imene livayo imazungulirapo. Ena akaona zimenezi amathamangira kusintha master cylinder mongoyerekeza. Nkhope ya pisitoni ya mamilimita 14 ndi pafupifupi masikweya milimita 154, pamene ya mamilimita 16 ndi pafupifupi 201, kotero kuti ndi yaikuluyo dzanja liyenera kufinya ndi mphamvu yochuluka ndi maperesenti oposa 30 kuti buleki igwire chimodzimodzi. Mukasankha yaing'ono kwambiri, liva imafewa koma imayenda mtunda wautali, mwinanso kukafika pa chogwirira buleki isanagwire mokwanira.

Liva ya kilachi pangani, bola muiseme kuchokera ku chidutswa chimodzi, popeza aluminiyamu ya 6061-T6 imafooka kwambiri pamalo pamene yawotchereredwa. Kumapeto kwake musiyeko kampira. Malamulo a FIM, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, amafuna kuti kampirako kasachepere mamilimita 16, ndipo sanaikeko kuti kakongoletse: liva yosongoka imabaya munthu akagwa.

Mwinimawaya

Ndikugwirizana ndi a Wamabuleki, koma ndikuwonjezera swichi yofiira pa zinthu zosayenera kuchotsa. Kiyi angakhale pafupi, koma kuti mumufikire muyenera kuchotsa dzanja pachiwongolero, ndipo nthawi imene akiseleta yakanirira ndi nthawi yomweyo imene manja onse awiri akufunika pamalo pake. Ku United States lamulo lotchedwa FMVSS 123 limafuna kuti swichi imeneyi ikhale ku dzanja lamanja, ndiponso kuti akiseleta izibwerera yokha ikasiyidwa. Mayiko ambiri amatsata lamulo la bungwe la United Nations lotchedwa UN Regulation 60 pa malo ndi zizindikiro za zida zimenezi. Ngakhale kwanuko atakhala kuti oyeza galimoto sayang'anako, chala chachikulu cha munthu aliyense amene anakwerapo njinga chimakafufuza pamenepo.

Ngati mukufuna kuichepetsa, yambani mwadziwa mmene injini yanu imazimira. Pa njinga zambiri za CDI (kabokosi kamagetsi kothethetsa moto ku pulagi) swichi imazimitsa injini polumikiza waya ku chitsulo cha njinga, pamene pa zimene koilo imadya moto wa batire swichi imadula motowo. Kusiyanaku n'kofunika. Pa mtundu wachiwiriwu waya akaduka injini imazima, ndipo mumadziwa pomwepo. Pa mtundu woyamba waya akaduka injini imalirabe monga mwa masiku onse, ndiye swichi yanu imatha kukhala yakufa kwa miyezi inu osadziwa, mpaka tsiku limene mudzaifune. Musadalire chiwongolero kuti chibweze moto, chifukwa zina zimakhala pa timphira, ndipo njira yotsala imadzera m'mabering'i odzaza girisi. Kokani waya wakewake wobwezera moto, ndipo muzizimitsa injini ndi swichiyo kawirikawiri kuti muzidziwa ngati ili moyo.

Pa timabatani, werengani mphamvu imene tingapirire. Babu la nyali ya kutsogolo la mtundu wa H4 la mawati 60 pa mavoti 12 limakoka maampu 5, ndipo timabatani tambiri tating'ono sitinapangidwire katundu wotere, choncho tiyenera kungolamula relay (swichi yamagetsi yopirira moto wambiri), motowo uzidutsa kwina kudzera pa fyuzi. Timabatani tongodina n'kusiya timafunanso kabokosi kamagetsi kokumbukira kuti indiketa yayatsidwa kapena nyali ili pamwamba. Kabokosiko kamachepetsa mawaya ndithu, koma kamasonkhanitsa zonse pamalo amodzi, moti kakalowa madzi usiku, nyali, maindiketa ndi hutala zimatha kuzimira limodzi.

Kuboola chiwongolero chachitsulo n'kotheka, ndipo mwachita mwayi kuti si cha aluminiyamu, chimene chimayamba ming'alu msanga pa bowo chifukwa cha kunjenjemera. Mabowo akhale aang'ono, akhale kutali ndi pamene chiwongolero chamangidwa ndiponso kutali ndi mokhota, m'mphepete mwake musalaze bwino, ndipo muikemo kamphira kuti waya asamadyeke. Mukaganiza zosindikiza timabokosi pa makina a 3D m'malo mosema, pulasitiki ya PLA muipewe, chifukwa imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, kutentha kumene chinthu chakuda chingafike chikakhala padzuwa.

Mkwezi Wakale

Akuluakulu anzanga alankhula zoona, koma sindikufuna kuti mnzathuyu achoke pano akuganiza kuti dongosolo la kufakitale linagwa kuchokera kumwamba. Njinga zakale za kampani ya ku America ya Indian zinali ndi akiseleta ku dzanja lamanzere. Za ku Britain monga Triumph ndi Norton zinkasintha giya ndi phazi lamanja, ndipo Harley-Davidson Sportster inasamutsira giya kumanzere m'chaka cha 1975 potsatira lamulo la ku America. Ndiponso pali anthu amene kusintha zida kumawabwezera pa njinga. Wamipikisano Mick Doohan atavulala mwendo wamanja ku Assen, m'dziko la Netherlands, mu 1992 sankathanso kuponda bwino buleki ya kumbuyo, ndiye anamuikira kaliva kokankha ndi chala chachikulu cha dzanja lamanzere, ndipo anakhala katswiri wa dziko lonse pa njinga za 500cc zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 1994 mpaka 1998. Munthu wa manja aang'ono amene safikira bwino liva ali ndi chifukwa chomveka chosinthira, ndipo kusasintha ndiko kungamuike pangozi.

Kumene ndikukayikira n'kwakuti cholinga chanu, achimwene, ndi maonekedwe, ndipo maonekedwe amakonda timabatani tofanana tondandalikana bwino. Maswichi onyansa a kufakitale aja anawapanga osiyana dala: la indiketa limakankhidwira m'mbali, la nyali limapendekeka, la hutala lili pansi palokha, kotero kuti chala chovala golovesi yonyowa chimazindikira chilichonse maso ali pamsewu. Timabatani titatu tofanana tidzakuchititsani kuyang'ana pansi, kapena kuliza hutala pamene mumafuna kukhota. Ngati mupanga, kena katukuke, kena kalowe mkati, ndipo muyese mutavala magolovesi okhuthala, mutatsinzina.

Muganizirenso pamene liva ya buleki idzathere poyerekeza ndi nsonga ya chiwongolero. Pa mpikisano wa ku Catalunya, m'dziko la Spain, mu 2006 liva ya Sete Gibernau inakhudza njinga ya Loris Capirossi pokhota poyamba, gudumu la kutsogolo linamanga, ndipo okwera angapo anagwa. Liva yaifupi pamenepa ili ndi ubwino wake, koma zogula zopangidwira master cylinder yanuyo zilipo.

Wokonzazakale

Zikomo kwambiri nonse. Liva ya buleki ndigula yoyenerana ndi silinda yanga, ndipo swichi yofiira ikhala, ngakhale ndiichepetsako. Latsala funso limodzi. Akiseleta ya njingayi ili ndi makebulo awiri, ndipo ndimaganiza zochotsa imodzi kuti pakhale poyera. Kodi sipuling'i ya kabureta siyokwanira kubweza yokha?

Wamabuleki

Imakwanira masiku onse pamene zinthu zili bwino, achimwene, ndipo njinga zambiri zazing'ono zimachoka kufakitale ndi kebulo imodzi. Koma yanu anaipatsa ziwiri, ndipo ntchito ya yachiwiriyo ndi kukupatsani mphamvu yotseka kabureta ndi dzanja sipuling'i ikathyoka kapena fumbi likamanga mkati. Muisiye, mungoidutsitsa mobisika pansi pa chiwongolero popanda kuipinda kwambiri.

Bokosi la akiseleta lili ndi kamsomali kolowa m'kabowo ka pachiwongolero, ndipo ambiri amakapala pofuna kupewa kuboola. Inu boolani kabowoko, chifukwa popanda kamsomaliko bokosi lonse limatha kupotoloka n'kukoka kebulo. Mukamaliza kumanga, siyani mpata woti chogwirira chizisewera pang'ono chisanayambe kukoka. Mabuku ambiri a njinga amanena mamilimita 2 mpaka 6, koma mutsate la njinga yanu. Kenako lizani injini ili pa nyutulo, mutembenuze chiwongolero mpaka kumapeto kumanzere ndi kumanja, ndipo kulira kwa injini kusasinthe ngakhale pang'ono. Injini itazima, potokolani akiseleta yonse n'kuisiya chiwongolero chili pakati, kumanzere ndi kumanja, ndipo konseko izibwerera yokha mwamsanga mpaka kumveka kugunda. Ikabwerera mozengereza mbali imodzi, ndiye kuti kebulo yafupika kapena yapanikizika pakati pa thanki ndi mafoloko, kapenanso mphira ya chogwirira ikukhula chotsekera cha kunsonga kwa chiwongolero.