Kuika mota pa njinga yakapalasa ya matayala atatu

Wopalasa: Ndimanyamula anthu awiri pa njinga yakapalasa ya matayala atatu, koma pachitunda mawondo amandipweteka kwambiri. Kodi ndiike mota yamagetsi yotani, ndipo iyenera kukhala pati?

Makaniko: Bambo, ine ndingasankhe mota yomangidwa pafupi ndi zopalasira, chifukwa imakoka tcheni ndipo imagwiritsa ntchito magiya a njingayo, motero imakwera chitunda popanda kutentha msanga. Mota ya m'tayala lakutsogolo ndi yosavuta kuika, koma popeza kulemera konse kuli kumbuyo, tayalalo limaterereka pokwera. Batire ya mphamvu ya mavolti 48 (48V) ingakwanire. Ya lithium ndi yopepuka kuposa ya mtovu, ngakhale kuti ndi yodula.

Mayi Wosamala: Musanagule chilichonse, yambani mwakonza mabuleki ndi kuona ngati felemu ilibe ming'alu, pakuti njinga ya matayala atatu imagubuduzika mosavuta ikakhota ikuthamanga. Batireyo muimangire pansi pa mpando wa okwera kuti kulemera kukhale m'munsi.

Makaniko: Funsaninso za malamulo. Mwachitsanzo, ku European Union (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya), mphamvu ya mota ikaposa mawati 250 kapena motayo ikamathandizabe liwiro litapitirira makilomita 25 pa ola, imeneyo siwerengedwanso ngati njinga wamba.